Nyerere m'Chipinda cha Makina

Tseng Pei-shan analowa m'chipinda cha misonkhano akuganiza kuti amuitanira kudzamuthokoza. Nanga si ndiye anatulukira njira ya wakuba? Miyezi yonseyi mabwana a pafakitale ankasowa tulo, akatswiri obwereka ankabwera ndi zikwama zawo n'kubwerera chimanjamanja, koma iye, mayi wamfupi amene alendo ankamuyesa kalaliki, ndi amene anapeza bowo. Anali atavala ndi jekete yake yabwino ija, imene ankaisungira maukwati.

M'chipindamo munalibe bwana ndi mmodzi yemwe. Munali bambo wina wowonda, wa imvi m'mbalimu, akusenda gwafa ndi kampeni.

"Ndine Kao, wofufuza milandu wa boma. Khalani pansi, mayi Tseng. Gwafa?"

"Zikomo, ndadya kale."

"Lipoti lanu ndawerenga, koma za makompyutazi ine mutu wanga ndi wouma. Tandifotokozerani ngati mukufotokozera amalume anu ogulitsa nsomba kumsika."

Fakitale yawo, monga mafakitale ambiri a mumzinda wa Hsinchu, inkapanga tizipangizo tating'onoting'ono timene timakhala ubongo wa mafoni. Chuma chake chenicheni sichinali makina kapena nyumba. Anali manambala ouza makina kutentha kwake, mpweya wake ndi nthawi yake, amene antchito ankangowatchula kuti kaphikidwe. Tsono kampani ina ya kunja kwa dziko inali itatulutsa tizipangizo tofanana ndendende ndi tawo, mpaka ndi zilema zake zomwe.

"Kaphikidwe kamasungidwa m'chipinda cha makina, pansi paja," anayamba Pei-shan. "Mulibe intaneti. Foni salowa nayo. Chotuluka m'menemo n'chimodzi chokha, kauthenga kamene makina amatumiza ku kampani yosamalira zoziziritsa, konena kuti 'ndili bwino'. Mawu ake sasintha. Akatswiri aja anatsegula mauthenga onse, n'kupeza 'ndili bwino', 'ndili bwino', basi, n'kunyamula zikwama zawo."

"Ndiye wakubayo analemba pati?"

"Sanalembe."

Anatenga cholembera n'kuyamba kugogoda patebulo. Go, go, go, mofanana. Kenako anasintha: go, gogo, go.

"Mwamva? Kugogoda n'komweko, koma mipata yasiyana. Uthenga ukafulumira pang'ono, ndiye kuti ziro. Ukachedwa pang'ono, wani. Kuchedwako n'kochepa moti munthu sangakuzindikire, koma kompyuta yotchera khutu panjira imawerenga bwinobwino. Kaphikidwe kathu katuluka choncho, kadontho kadontho, ife tikusangalala kuti makina ali bwino."

"Koma anthu inu!" Kao anapukusa mutu. "Nzeru zoterezi munazitola kuti?"

"Kwa Aphunzitsi Hsieh."

Anatchula dzinalo monyadira, ngati mmene ankachitira nthawi zonse. Hsieh Wen-lung anali mkulu wa chitetezo cha makompyuta pafakitalepo, ndipo ndi amene anamutola atangochoka ku yunivesite, asakudziwa ngakhale kulankhula pamaso pa anthu. Anamuphunzitsa ntchito ali pa tebulo la tiyi, akugogoda ndi chala. Pa ukwati wake, bambo ake atamwalira kale, a Hsieh ndi amene anakhala pa mpando wa kholo. Mwana wake wamkazi ankawatchula kuti agogo.

Kao anatafuna gwafa wake mosathamanga.

"Pulogalamu yotumiza 'ndili bwino' analemba ndani?"

"Ine."

"Makina amene imakhalamo amasamalira ndani?"

"Ine."

"Nanga amene anaisintha kuti izichedwachedwa analowa ndi dzina la yani? Pamenepa lipoti lanu langodumpha."

Pei-shan anavomera. "Ndi dzina langa. Ndinkafuna ndifufuze kaye, chifukwa munthu wodziwa angathe..."

"A Hsieh ndacheza nawo kale," anamudula Kao. "Analira, mayi. Munthu wamkulu, misozi mbwe. Akuti pulogalamu ija palibe wina amaigwira koma inu. Akutinso mwakhala mukudandaula kuti pano sakuwerengerani."

Abale, mawu amenewo! Pei-shan anawanena kamodzi kokha, kunyumba kwa Aphunzitsi, atakhala m'mbali mwa dziwe la nsomba zawo, mtima utamuwawa chifukwa chomudumpha pokweza anthu. Sanauzepo ngakhale mwamuna wake. Zinamupweteka kwambiri, koma msangamsanga anawapezera chowiringula. Awapanikiza ndi mafunso, nanga Aphunzitsi angathe kunama?

"Mabwana anu akufuna ndikutengeni lero lomwe," anatero Kao akupinda kampeni kake. "Mlandu woterewu ndi zaka zambiri m'ndende, mukudziwa. Koma ine wakuba wolemba yekha lipoti la bowo lake sindinamuonepo, ndiye ndikufuna ndimvetse kaye. Anyamata anga akuti kuti pulogalamu isinthe, pamafunika kulowa ndi fulashi m'chipinda muja. Pakhomo pali chipata cholira chikamva chitsulo. Fulashiyo inadutsa bwanji? Mukandiyankha limenelo dzuwa lisanalowe, mwina mukagona kwanu. Tsogolani."

*

Ali pa masitepe otsikira pansi, foni ya Pei-shan inalira. Kao anagwedeza mutu kuti ayankhe.

"Shan, mwana wanga," anamveka mawu aja ofewa, osasa pang'ono. "Ndamva. Limba mtima, wamva? Ndikulankhula ndi mabwana, sindikusiya wekha."

"Aphunzitsi, akuti munanena kuti ine..."

"Ndinanena zimene anandifunsa, koma anthu amenewa amapotoza mawu. Zisiye zimenezo. Tamvera, paketi ya kamba ija ndinakupatsa chitapita Chaka Chatsopano, deti yake ikutha sabata ino. Pa nthawi ya mavuto ngati ino makina asamagone ndi kamba wakutha. Ukamuchotse lero, uike wina. Wakaleyo undibweretsere ndikapatse nsomba zanga."

"Chabwino, Aphunzitsi."

Misozi inalengeza m'maso mwake. Taonani munthu, dziko likugwa koma iye akukumbukirabe makina! Kao anafunsa kuti ndani, ndipo iye anangoti ndi Aphunzitsi, akumulimbikitsa.

Za kamba, mu Hsinchu palibe amene amafunsa. Makina aliwonse ofunika amakhala ndi paketi ya kamba wa kokonati, tokudya topepuka tija timakonda ana, pamwamba pake kuti azikhala omvera. Paketiyo iyenera kukhala yobiriwira, chifukwa yachikasu kapena yofiira imaitana mavuto. Deti ikatha, mphamvu zathanso. Awa ndi anthu a madigiri awiriawiri, ena ophunzira kunja. Mukawafunsa ngati amakhulupirira zimenezi, amaseka mpaka kugwira m'mimba. Koma muwauze kuti achotse paketiyo, muone mmene nkhope zingasinthire.

*

Pachipata panali Chiu, mlonda wa mimba yake, mano ofiira ndi mtedza umene ankatafuna kuseri akaona kuti mabwana kulibe. Atamva kuti mlendoyo ndi wa boma, anaimirira njo n'kukoka lamba.

"Pano, bwana, ngakhale singano siilowa! Funsani aliyense. Tsiku lina bwana wamkulu weniweniyo ndinamubweza chifukwa cha kachitsulo ka lamba. Analowa atagwira buluku m'manja, ine osaseka n'komwe. Ine ndi ntchito sitichita masewera."

"Ndiye kuti palibe chodutsa osapimidwa?" anafunsa Kao.

"Palibe! Munthu, nsapato, magalasi, chilichonse chimadutsa apa. Chikalira, bwerera."

Akulankhula choncho, panafika mayi wina wantchito atanyamula paketi yobiriwira. Osanena kanthu anaipereka kwa Chiu. Chiu anailandira ndi manja awiri, akupitiriza nkhani ya lamba, n'kuizungulitsa kuseri kwa chipata. Mayiyo anadutsa pachipata, chipata chili zii, n'kulandira paketi yake mbali inayo, uyo wapita.

Kao analoza ndi chibwano. "Nanga chija?"

"Chiti? Aaa, uja ndi kamba, bwana."

"Bwanji sanadutse pachipata?"

"Paketi yake m'katimu ndi yonyezimira ngati chitsulo, ndiye imaliritsa chipata. Tingamasokose tsiku lonse? Timangolandira apa n'kupereka apo."

"Mumatsegula kuti muone m'kati?"

Chiu anatong'ola maso ngati amutukwanira mayi ake. "Kutsegula? Bwana, mukufuna fakitale iime? Kamba wotsegula ndi kamba wakufa. Ngakhale kufinya sitifinya, akaphwanyika makina amakwiya. Inu kwanu ku ofesi simuika?"

"Timaika," anavomera Kao motsitsa mawu. "Ndani amalowa naye kawirikawiri?"

"Aliyense amasamalira makina ake. Ngati achemwali awa, analowa naye chitangopita Chaka Chatsopano. Ndikukumbuka chifukwa anandiuza kuti, 'Achimwene Chiu, mugwire bwino, ndi mphatso ya Aphunzitsi.' Eti achemwali?"

Kao anafunsanso Chiu.

"Nanga a Hsieh, amalowa ndi kamba?"

"Iwo aja? Sananyamulepo kanthu. Amabwera kudzayendera, manja ali kumbuyo, moni wawo wabwino. Chipata ichi sichinawalirirepo ndi tsiku limodzi lomwe. Anthu onse akanakhala ngati a Hsieh, ine bwenzi ntchito ndilibe."

Kao anatembenukira Pei-shan. Sanamwetulire.

"Mwandiyankha, mayi. Njira ya fulashi ndi imeneyo. Vuto ndi loti amene anadutsa nayo ndi inu."

*

M'chipinda cha makina munali mozizira ngati m'firiji, ndipo phokoso la zoziziritsa linkachititsa kuti anthu azilankhula mokuwa. Mizere ya makabati akuda inali ndondondo, timagetsi tikuphethira, kabati iliyonse ili ndi paketi yake yobiriwira pamwamba. Woyang'anira chipindacho anali Liao Su-yun, mayi wa nkhope yosaseka, amene ankavala majuzi awiri chaka chonse ndipo ankadana ndi aliyense wolowa m'menemo.

"Za akuba ine musandifunse," anatero Liao, Kao asanamalize n'komwe kudzitchula dzina. "Ine ndilibe nazo ntchito. Ndifunseni za nyerere."

"Nyerere?"

"Ee, nyerere! Ndadandaula mpaka ndatopa. Kumwamba kuja amangoti, 'A Liao, thirani mankhwala.' Mankhwala muno? Mitu yawo ikugwira? Chiyambireni ntchito muno nyerere sindinaionepo. Chaka chino zabwera ngati zaitanidwa ku ukwati."

"Tazionetseni."

Liao anawatsogolera akung'ung'udza. Zinalipodi, kamzere kakuda kochokera pabowo lolowera mawaya, kodutsa m'mphepete mwa khoma, kolambalala makabati angapo, n'kukwera kabati imodzi yokha mpaka pamwamba. Pei-shan sanafunike kuwerenga nambala ya kabatiyo. Inali yake.

"Kamba ali pa makabati onse," anatero Kao. "Bwanji zasankha iyi?"

Pei-shan anali atayankha kale mumtima. Nyerere sizinunkhiza kamba wotseka.

"Ine ndinafuna kumuchotsa kalekale," anapitiriza Liao. "A Hsieh anandipeza ndakwera pa kampando. Mmene anandikalipira! 'Kamba wa Shan amachotsa ndi Shan.' Munthu sanakwezepo mawu chibadwire, akandikalipire ine chifukwa cha kamba? Mxii! Ndinangoti zanu izo, nyerere zikudyereni mawaya."

"Akabwera kudzayendera, inu mumakhala nawo?"

"Ndikhale nawo ndine mkazi wawo? Amandituma kuseri kukaona zoziziritsa, iwo n'kumatsegula makabati awo."

Kao anayang'ana kamera imene inali kudenga, kenako anatsegula chitseko cha kabati ya Pei-shan mpaka mapeto. Chitsekocho chinatchinga kamerayo ndendende. Munthu woima kuseri kwake akanatha ngakhale kuvina osaoneka.

Anavala magolovesi, n'kukwera pa kampando ka Liao, n'kutsitsa paketi ija. Liao anagwira pakamwa. Mapaketi enawo anali otupa ndi mpweya, koma iyi inali yophwa. Kunsi kwake, pamene panapindidwa, panali kamzere ka guluu wouma, ndipo pakona pena guluuyo anali atasiya kampata. Kao anang'amba pamenepo mosamala n'kukhuthulira zonse m'kathumba ka pulasitiki. Munagwa kamba wofewa, nyerere, ndi kachinthu kakuda kochepa ngati chikhadabo.

"Mayo ine!" anakuwa Liao. "Muno? M'chipinda changa?"

"Atamaliza ntchito yake sakanatuluka nayo, chipata chikanalira," anatero Kao. "Ndiye anaibwezera momwemo kuti idikire. Inalowa ndi kamba, idzatulukanso ndi kamba, deti ikatha."

Wakaleyo undibweretsere ndikapatse nsomba zanga.

Mawu a pafoni ajawo atamubwerera, Pei-shan anatsamira kabati. Zonse zinabwera nthawi imodzi. Tsiku lija, Aphunzitsi akumupatsa paketi ndi manja awiri, akuti, "Ya makina ako atsopano, akhale omvera ngati mwini wake." Iye anaseka, n'kuinyamula ngati dzira mpaka pachipata. Mawu achinsinsi olowera m'makina ankawasintha kawirikawiri, inde, koma ankawapanga mwa njira imene anamuphunzitsa iwowo ali pa tebulo la tiyi. Ndiye kuti zaka zonsezi iye ankakhoma chitseko, kiyi ali kwa wina.

"Mwina wina anaikamo," ananong'ona. "Mwina iwo sakudziwa."

"Mwina," anatero Kao. "Foni ija anakuuzani chiyani?"

Anamuuza. Kao anayang'ana kathumba kaja.

"Ndikuuzeni zoona, mayi. Pafulashipa zala mwina zipezeka, mwina ayi, munthu wochenjera chonchi sagwira chinthu ndi manja okhaokha. Zimene ndili nazo m'manja ndi izi: paketi munalowa nayo inu, inali pa makina anu, dzina ndi lanu. Zoti anakupatsani ndi a Hsieh, iwo angoti anakupatsani yotseka. Woweruza amvera ndani, mkulu wolemekezeka kapena mayi wodandaula kuti samuwerengera?"

Pei-shan anayang'ana mapaketi obiriwira aja ali mbwee pamwamba pa makabati. Ankafuna kulira, ankafunanso kuswa chinachake. Koma koposa zonse ankafuna kuti akhale kuti walakwitsa.

"Andituma kamba," anatero. "Sindinakanepo akandituma. A Liao, pa makabati anuwa alipo wa deti yofanana ndi uyu?"

"Alipo. Koma mundibweretsere wina lero lomwe, makina anga asagone chabe."

*

Ofesi ya a Hsieh inali pamwamba penipeni, kumene mphepo ya Hsinchu imagwedeza mazenera chaka chonse. Kao anatsala m'khonde. Kachojambulira mawu anali atakaika yekha m'thumba la jekete ya Pei-shan.

Pei-shan anawapeza akutsuka timakapu ndi madzi otentha. Anali mdala wooneka bwino, tsitsi loyera lopesedwa, magalasi ali pamphuno.

"Shan! Lowa, lowa. Taona nkhope yakoyo, sunadye iwe. Khala apa."

Anamuthirira tiyi. Masiku onse Pei-shan ankagogoda patebulo ndi zala ziwiri pothokoza, monga amachitira aliyense wothiriridwa tiyi ndi wamkulu. Lero zala zinangokhala pamwendo.

"Wapolisi uja wakusiya?"

"Wapita kukadya. Akuti abweranso."

"Usamuuze zambiri. Ukamalankhula kwambiri ndi pamene amakukola. Ine ndikupezera loya wabwino, mnzanga wakale." Anamwa tiyi pang'ono. "Nanga ntchito ija ndinakutuma?"

Pei-shan anatulutsa paketi m'chikwama n'kuipereka ndi manja awiri. Mumtima ankapemphera kwa milungu yonse ya m'kachisi wa mumzinda, ndi kwa bambo ake omwe. Ingolandirani, Aphunzitsi. Ingoikani pambali, muyambe nkhani za nsomba. Mukatero ine ndikalowa m'ndende mtima uli m'malo.

A Hsieh analandira akumwetulira. "Mwana wabwino. Nsomba zija zisangalala."

Anaiika pamwendo, kuseri kwa tebulo. Maso awo anali pa iye, pakamwa pakulankhula za loya, koma dzanja linali pa ntchito ina. Chala chachikulu chinayenda kunsi kwa paketi, n'kudina pakona. Chinadinanso pakona ina. Munamveka kamba akuphwanyika m'kati, khwa, khwa. Munthu amene anakalipira Liao, amene anamuphunzitsa iye kuti paketi imagwiridwa ngati khanda, anali kuifinya ngati akuyesa papaya pamsika.

Nkhani ya loya inathera panjira.

"Shan, si uyu."

"Mukuti chiyani, Aphunzitsi?"

"Kamba uyu si amene ndinakupatsa. Walakwitsa kabati."

"Mwadziwa bwanji? Ndi wobiriwira. Deti ndi yomweyo."

"Uyu ndi wotupa, uja anali..."

Anaima. Zenera linagwedezeka ndi mphepo. Anavula magalasi pang'onopang'ono, n'kuwaika patebulo, ndipo Pei-shan anaona nkhope imene sanaionepo, yotopa ndiponso youma.

"Uja anali bwanji, Aphunzitsi?"

"Ali kuti?"

"Nyerere zinamupeza."

A Hsieh anaseka kaphwete kopanda chimwemwe. "Nyerere! Ndinaganizira kamera, chipata, mlonda, chitsiru chija cha majuzi awiri. Nyerere ayi." Anapukuta m'maso ndi dzanja. "Ndipatse, Shan. Usanapereke kwa wina aliyense, ndipatse ine. Tikonza."

"Tikonza chiyani? Munawauza kuti ndine. Munalira pamaso pawo."

"Tamvera kaye. Kaphikidwe kaja ukuganiza kuti kanagwa kumwamba? Fakitale ino ikuyamba, ine ndinkagona pansi pafupi ndi makina. Mkazi wanga anamwalira ine ndili pano. Manambala aja theka lake ndi thukuta langa. Kenako anandichotsa, n'kundipatsa ntchito yolondera zimene ndinapanga ndekha. Chaka chamawa akundipumitsa, andipatsa wotchi ndi maluwa. Ndinangotenga zanga."

"Munatenga zanu ndi dzina langa."

"Ndinkaganiza kuti palibe adzatulukire! Akatswiri onse aja analephera. Ndani anakuuza kuti uziyeza mipata ya mauthenga?"

"Inu."

A Hsieh anayang'ana kapu yawo. Kenako analankhula mofatsa, ndi mawu omwe aja ankamulangizira ali mtsikana.

"Umboni wokhudza iwe ndi wofooka. Loya uja akanakuchepetsera, ukanakhalako pang'ono n'kutuluka ukadali ndi mphamvu. Ine pa msinkhu uno ndikalowa, ndikatuluka m'bokosi. Mwana wako ndikanamusamalira, sukulu yake yonse, ukudziwa mmene ndimamukondera."

Ha! Ndiye kuti anali atawerengera kale. Anali atakhala pansi ndi tiyi wawo, n'kuyeza zaka za Pei-shan ndi zaka zawo, n'kuona kuti zake ndi zotayika bwino. Ngakhale mwana anali atamuika kale m'mapulani, kuti azikadyetsa nsomba Lamlungu mayi ake ali kuseri kwa zitsulo.

"Bwanji ine? Pafakitale pano pali anthu zikwi. Bwanji ine?"

A Hsieh anamuyang'ana ngati akudabwa kuti wophunzira wawo wanzeru angafunse funso lophweka chonchi.

"Chifukwa ndiwe wekha amene sukanafinya paketi yochokera kwa ine."

Chitseko chinatseguka. Kao analowa mwaulemu, ngati munthu wobwera kudzapempha moto.

"Bambo Hsieh, tiyi mukamalizira kwathu. Ndi woipa, ndikuuziranitu."

Mdalayo sanalimbane. Anavala magalasi ake, n'kukonza kolala, n'kuyala timakapu mu mzere wake. Paketi yophwanyika ija inagwa pansi ataimirira, ndipo palibe anaitola. Atafika pakhomo anatembenuka.

"Shan, mwana wanga. Kiyi wa geti ali pamalo paja. Nsomba zija sizinadye kuyambira dzulo, upiteko madzulo ano ukazipatse."

Ananena ngati mmene ankanenera masiku onse, osakayika n'komwe. Ndipo zomvetsa manyazi, milomo ya Pei-shan inali itayamba kale yokha. Zaka zonsezi yankho linkatuluka iwo asanamalize kulankhula, ndipo leronso "chabwino" anali atafika pa lilime. Analuma mlomo mpaka kumva magazi.

"Ayi, bambo Hsieh."

Chiyambireni kudziwana anali asanawatchulepo choncho. Anaona mawuwo akuwafika, mapewa aja akugwa, koma sanabweze. Analowetsa dzanja m'thumba la jekete ija anavalira kudzathokozedwa, n'kutulutsa kachojambulira mawu kakadali koyaka, n'kukapereka kwa Kao iwo akuona.